Makina Olira Opanda Ntchito

Mkazi wanga atamwalira, ndinasiya kuzimitsa makina owotcherera zitsulo. Ndimagwira ntchito kuseri kwa nyumba ku Mabvuku, kupanga mageti ndi zotchinga m'mawindo. Ndikaika pansi chogwirira waya, makinawo ankapitiriza kung'ung'udza, ndipo phokosolo linkandithandiza kusamva kuti m'nyumba simukuyankhula munthu.

Kukoleji anatiphunzitsa kuti makina akamalira opanda ntchito amadya magetsi pachabe, ndiponso nsonga ya waya wowotcherera imakhala idakali ndi moto wa magetsi. Zimenezo ndinkazidziwa.

Tsiku lina masana apongozi anga, amene anabwera kudzalera mwana wathu wamkazi, anatulukira atasenza ndowa kuchokera kotunga madzi. Potula, madzi anakhavukira pasimenti n'kuyenderera mpaka pamene panali chogwirira chija. Mwana ankawatsatira pambuyo, wopanda nsapato.

"Bambo a mwana," anatero apongozi, "chinthu chanuchi chikuwotcherera ndani, eniake muli khale apo? Chikulira maliro kuposa ife abale?"

Ndinathamanga kukazimitsa pakhoma. Pomunyamula mwanayo, mapazi ake anali atanyowa kale.

Sabata yomweyo ndinaika m'makinamo kachipangizo kamene kamadula moto ndikangosiya kuwotcherera, n'kuubweza waya ukakhudza chitsulo. Kamagwira bwino ntchito, ndipo mwana amadutsa pabwalo ine mtima uli m'malo. Koma tsopano ndikamaliza msoko uliwonse, makina amazima okha, phokoso lija n'kutha, ine ndisanakonzeke. Ndimaima pomwepo, chigoba chotchinga kumaso chidakali kumutu, ndipo sindichivula msanga.