Kumbuyo kwa Jeneza

Zipani zandale zitangochuluka, ndinali mlangizi wa mpunga kwa Malengachanzi. Ndinkayendera njinga yamoto yakale, ya injini yozizira ndi mphepo. Injiniyo inali ndi zipsepse zachitsulo ngati za chambo, ndipo inkasiya utsi wobiriwira paliponse ndadutsa.

Chaka china abungwe lotithandiza anabweretsa njinga zatsopano zozizira ndi madzi. Anati kwawo malamulo a utsi akukhwima, zonga yangayo zikusiyidwa. Ndinakafunsa makaniko wanga, bambo wina wachisilamu amene tonse tinkangowatcha afundi.

"Alangizi, mphepo simuigula, ndipo sidontha," anatero afundi. "Yamadziyo ikabooka ku Dwambazi, mudzamata ndi phala? Sungani yanuyi. Koma musamaiyendetse ngati nkhono. Imapuma ikamathamanga."

Ndinawamvera. Yatsopanoyo anatenga mnzanga.

Afundi anamwalira mwezi wa Okutobala, m'mawa, ndipo mwa mwambo wawo anayenera kuikidwa tsiku lomwelo. Pamaliro anandiitana akulu awo, nkhalamba yolumala miyendo. Anati akufuna kukathira dothi pamanda a mng'ono wawo ndi manja awo. Manda anali kutali ndi mzikiti, njira yake mchenga wokhawokha.

"Mundinyamule. Koma wokwera sapitirira jeneza," anatero. Jeneza ndi chithatha chonyamulira maliro. "Tikhale kumbuyo."

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Amuna ankalandirana jeneza pamapewa, ife tikukwawa pambuyo pawo pa giya yoyamba. Mphepo kunalibe. Posakhalitsa ndinamva kutentha m'miyendo, kenako fungo la oyilo wopsa. Utsi unkalowa m'maso mwa anthu, ena n'kumaphimba mphuno ndi zisoti. Injini itayamba kulira mwachilendo, ndinaizimitsa pansi pa mtengo wa mango. Ikanagwirana mkati, ulendo ukanathera pomwepo.

"Yafa?" anafunsa akuluwo.

"Ayi, bambo. Yatentha. Imafuna mphepo."

"Ndiye thirani madzi."

"Ingasweke. Ang'ono anu anandiletsa."

Anaseka pang'ono. "Ameneyo ankaletsa chilichonse."

Ndinaganizira njinga ya mnzanga ija. Inali ndi kachokupizira kake, ndipo ikanayenda pang'onopang'ono mpaka kumanda osadandaula. Koma inali ku Nkhunga tsiku limenelo.

Tinakhala pamthunzi mpaka jeneza litabisika pokhota. Ndinkamva zala za akuluwo zikufinya malaya anga. Ndinaliza injini n'kuthamanga ndithu, mphepo ikuomba zipsepse zija. Titawapeza anthu, ndinazimitsanso. Tinadikira kuti atalikire, n'kuthamanganso. Tinayenda choncho njira yonse. Ena ankacheuka modabwa, koma palibe amene anafunsa.

Tinafika thupi litangotsitsidwa. Amuna awiri anawanyamula akuluwo kuwaika m'mphepete mwa dzenje. Anatapa dothi katatu, milomo ikuyenda. Ine, monga Mkhristu, ndinaima patali pafupi ndi njinga, ndikumva chitsulo chikuthetheka pozizira.

Pobwerera panalibenso wotitsogolera. Akuluwo anandigwira paphewa.

"Tsopano ithamangitseni, ipume."

Njingayo ndinayenda nayo zaka zina zingapo. Itatheratu abungwe aja anandipatsa yamadzi, ndipo sindinakane. Inali yabwino, yopanda utsi. Koma itadontha koyamba, afundi panalibenso oti ndikawauze kuti ananena zoona.