Njinga Imene Inkagwada

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anamwalira, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku Ndeke, ku Kitwe. Migodi inali ikugulitsidwa, ndipo bambo anali m'gulu la ochotsedwa ntchito. Injiniya wina wachizungu, pobwerera kwawo, anawasiyira njinga yokwerera mapiri, ya matayala onenepa. Foloko yake, chitsulo chogwira tayala lakutsogolo chimene amakanika amati shoki, inalibe sipuling'i. Munkakhala mpweya, wopopera ndi kapampu kakekake. Loweruka lililonse bambo ankaipopa n'kuipukuta, kwinaku akutsokomola chifuwa chawo cha kumgodi.

Maliro atatha, njingayo tinaitsamiritsa kukhoma pabalaza. Patapita milungu iwiri, amayi anaona kuti yayamba kutsika kutsogolo. Matayala anali gwa, koma chiwongolero chinkawerama tsiku ndi tsiku, ngati munthu wogwada. Choipa kwambiri, inkagwadira mpando wa bambo.

Nkhani ku Ndeke sigona. Bana Mutale, mayi woyandikana nafe, anangosuzumira pakhomo n'kubwerera chammbuyo. "Mayo ine! Iyi njinga ifuna mwine wake. Itayeni, apo ayi izatenga munthu."

Amayi, munthu wa kwaya ndi Baibulo, anasiya kudutsa pabalaza ngakhale dzuwa lili paliwombo. Anati Loweruka akaiponya mumtsinje wa Kafue. Mtima wanga unangoti myuu, chifukwa ine ndinali ndi chinsinsi. Ndikaweruka kusukulu, amayi akadali kumsika, ndinkamasula kachivundikiro pamwamba pa foloko n'kudina valavu ndi chikhadabo. Pankatuluka kampweya kozizira, konunkha mafuta a makina ngati manja a bambo. Kwathu munthu akafa timati mpweya wamuthera. Koma wa bambo, ndinkatero mumtima, unalimobe mmenemo, popeza anaupopa ndi iwo. Zoti kudina kwangako n'kumene kukugwaditsa njinga sindinaziganizeko n'komwe. Ndinkati bambo akundiyankha, ndipo ndinkachita mantha, tsitsi nyawunyawu, koma mawa lake ndinkadinanso.

Lachisanu amayi anaitana a Chirwa, mkulu wa mpingo wathu, kuti adzapemphere isanatayidwe. A Chirwa anakalambira kumgodi akukonza makina. Baibulo analisiya pampando n'kupempha madzi a sopo. Anapaka pa labala yotsekera mpweya mu foloko, napakanso pa valavu, nadikira. Thovu silinatukuke.

"Labala ili che bwino," anatero. "Shoki siitaya so yeka. Kuli wamene adina apa." Anandiyang'ana. "Iwe mwaice, ndiwe?"

"Nenze kumvera atate," ndinayankha.

Amayi anaphimba kumaso ndi chitenje.

A Chirwa sanandikalipire. "Mu shoki mpweya ni ung'ono, siuli monga mu tayala. Ukadina kamodzi che, wambiri wayenda." Anadina valavu ndi chala chawo chokhakhala. Sipanamveke kanthu. Ndinali nditaumaliza ndekha.

Kenako anatenga kapampu n'kuyamba kupopa. Njinga inadzuka pang'onopang'ono mpaka kuima njo. Amayi anaseka misozi ili mbwee, bana Mutale anaomba m'manja pazenera, ndipo za ku Kafue zinathera pomwepo. Ine ndinapsa mtima kwabasi. Ndinathawira kuseri kwa nyumba, ndipo mkulu wa mpingo uja sindinamulonjere mwezi wathunthu.

Njingayo ndinadzapita nayo kusekondale zaka zinayi, ndipo ndinaphunzira kuipopa, kupukuta fumbi pa labala, ndi kusiya valavu pamtendere. Koma chimene ndimamvetsa lero n'china. M'nyumba monse muja, aliyense ankapemphera kuti mzukwa usakhalepo, kupatula ine. A Chirwa anapulumutsa njinga, inde, koma kwa ine bambo anaikidwa m'manda Lachisanu limenelo.