Jezi Nambala 6

Ndinaganiza zochoka ku Ching'ambo nditaona kuti digiri yanga ya masamu ikungodyedwa ndi mphemvu m'sutikesi. Ya basi yopita ku Joni anandipatsa ndi akulu anga, a Wongani, omwe ankasewera pakati mutimu ya kwathu.

Ku Joni ndinapeza ntchito pakampani ina yolangiza matimu a mpira. Tsiku lonse ndinkaonera mavidiyo, kulemba amene wagwira mpira, wapatsira ndani, ali pati. Kenako kompyuta inkawerengera woyenera kuyamba ndi woyenera kukhala pabenchi. Ndalama zinkathera lendi, kwathu ndinkatumiza zochepa. Lamlungu ndinalibe ngakhale wocheza naye.

Mwina n'chifukwa chake ndinauza kochi wa timu ya kwathu ija, a Nyirenda, kuti azinditumizira mavidiyo a pafoni a masewero awo. Ndinkafunanso aone kuti mwana wawo sanapite kukasesa. Masamu anaonetsa kuti nambala 6 sagwiragwira mpira, ndipo kuikapo wothamanga kungachulukitse zigoli. Ndinkamudziwa bwino amene amavala jezi imeneyo. Ndinalemba nambala yokha, osatchula dzina, n'kutumiza.

"Yewo chomene, a pulofesa," anayankha a Nyirenda.

A Wongani anakhala pabenchi mpaka anangosiya okha mpirawo. Pafoni sanandiuzepo kanthu, ankangofunsa ngati ndikudya mokwanira.

Nditabwerera chaka chatha, anadzanditenga kudepoti pa njinga yawo ya kabaza, ndipo Loweruka tinapitira limodzi kubwalo. Ndili chiimire kunja kwa mzere, ndinaona zimene foni sinkajambula, poti wojambula amangotsata mpira basi. Pakati panali pululu. Adani ankangodutsa ngati pamsewu, popanda wowatsekera njira kapena wokuwira anzake kuti abwerere. Tinagonja zitatu kwa duu.

Manyazi anandigwira. Pobwerera, ndili kumbuyo kwa njinga, ndinaulula kuti uthenga uja ndinalemba ndine.

"Nkhumanya, ndikudziwa kale. A Nyirenda anandiwerengera tsiku lomwelo," anatero a Wongani akupalasa. "Masamu ako sananame, mpira sindinkaugwira kwambiri. Ntchito yanga inali yoti mdani asaulandire. Nanga zimenezo umaziwerenga bwanji?"

Titafika pachikweza cha ku Chibanja ndinati nditsike, ndiyende wapansi kuti ndiwapepukire.

"Khala pompo, mng'ono wanga," anatero akupuma movutikira. "Ndinazolowera kale kukunyamula."