Tsiku Limene Ndinaba Nsomba pa TV

Sukulu ndinasiyira Folomu 2, ndipo musandifunse chifukwa, ndinatopa nako kuyankha. Chimene ndinali nacho ndi malo m'boti la bambo wina wa pa Nkope, mkulu wa mpingo, amene ankatchera maukonde a chambo ndi kampango. Alovi, ife ogwira ntchito m'botimo, tinalimo anayi. Malo amenewo ndiwo ankadyetsa ine, mayi anga ndi mlongo wanga. China panalibe.

Chaka chimenecho kunabwera anthu a sewero loseketsa la pa TV limene aliyense padoko ankalitsatira Lamulungu masana mu vidiyo sho. Ankafuna kujambula gawo limodzi kunyanja. Nkhani yake inali yakuti mkulu wa m'seweromo, wamimba yaikulu, wagula boti ndi ndalama za penshoni, ndiye mbava ikumubera nsomba mu ukonde iye akuliza mkonono. Wosewera ngati mbavayo anali wa m'tauni. Atangoponda m'bwato linagudubuka naye. Kachiwiri chimodzimodzi.

Ine ndilibe mtima wodikira munthu wamkulu kuti aphunzire kukhala pansi. Ndinakuwa ndili kumtunda: "Tulukanimo achimwene, mutisiyira maliro pano!"

Mayi amene ankalamula zojambulazo ananditembenukira. "Iweyo ungathe?"

Ndinati ndinabadwira momwemo.

Anandiuza kuti ndipalase, ndikagwire chigubu chimene chimayandama kumapeto kwa ukonde, ndikoke. Ndinawaseka. Ndinati mbava yogwira chigubu ndi ya tsiku limodzi, chifukwa mwini ukonde amadziwa mmene anachisiyira. Yeniyeni imapita pakati, imaponya kambedza komanga kuchingwe, imakweza ukonde pang'onopang'ono, imaonjola zikuluzikulu zokha n'kusiya tating'ono kuti mwiniwake aziti nyanja yauma. Ikatero imabweza ukondewo osaupota.

"Chita zomwezo," anatero mayi aja.

Ndinachita. Manja anayenda okha. Pomaliza ndinapsompsona kampango pamutu n'kuyang'ana kamera ndikumwetulira. Zimenezo palibe anandiuza. Ndinkangofuna aone kuti wosiya sukulu nayenso ali nacho chimene amadziwa. Kenako anajambula ndikugwidwa, atandikoleka nsomba m'khosi, nditagwada pamchenga kupepesa. Anati chimenecho chidzaoneka m'gawo lotsatira.

Patapita miyezi itatu gawo langa linafika. Vidiyo sho yathu ndi chisakasa cha bango, ndipo tsikulo munalibe poponda. Amayi ogulitsa usipa anaima pakhomo, ana ali m'mipata ya bango. Ngakhale mwini boti wathu, amene ankati mmenemo ndi mwa Satana, anabwera n'kukhala kutsogolo. Ine ndinavala malaya a kutchalitchi.

Wamimba uja atagwira nkhafi chozondotsa, chisakasa chonse chinagwedezeka.

"Penshoni yathera m'madzi!"

"Ameneyu ndi alamu anga enieni, angosintha dzina!"

Kenako ndinatulukira ine. "Uyo! Wathu uyo!" Wina anandimenya pamsana. Mayi wina pakhomo anakuwa kuti TV yandiyeretsa, bwenzi ndikumakhala momwemo. Ndinamva kukoma, sindinama.

Nditaponya kambedza, kuseka kunayamba kuchepa. Kamera inasendera pafupi ndi manja anga, ndipo inakhala pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene ndinkakumbukira. Ana okha ndiwo ankasekabe. Pamene ndinkapsompsona kampango, akuluakulu anayamba kuyang'anana.

Bambo wina wachikulire, amene maukonde ake anali akubwera opanda kanthu kwa milungu ingapo, anayankhula osanditembenukira. "Taonani manjawo. Si manja ophunzira dzulo amenewo."

"Ndi sewero, madala," ndinatero.

"Sewero akuchita wamimbayo. Iwe sukusewera."

Ine sindinabepo nsomba ya munthu. Ndipo njira imeneyo palibe mlovi pa Nkope amene saidziwa, kuyambira madala omwewo. Koma ndi chinthu chimene umachidziwa monga umadziwira kumene akazi a eni amasamba: umadziwa, koma suloza chala. Ine ndinaloza, dziko lonse likuona, ndikumwetuliranso.

M'mawa mwake ndinapita kuboti monga mwa masiku onse. Mwini boti anandiimitsa ndisanaponde madzi. "Upume kaye, mwana wanga. Anthu akuyankhula."

"Bambo, Lamulungu likubwerali ndigwidwa. Mudzaona nokha, ndigwada, ndipepesa. Anajambula."

Anaganiza pang'ono. "Chabwino. Tione mmene ithere."

Sabata imeneyo ndinayenda padoko ponse ngati wolalikira, kuuza aliyense kuti adikire Lamulungu. Tangoganizani, munthu wosalakwa kupempha anthu kuti abwere adzaone akulangidwa. Ana ankanditsatira akupinda chala ngati mbedza. Ndikayandikira pamene anthu akuonjola, wina ankakhala pansomba zake. Kunyumba tinadya masamba a chinangwa masiku asanu, ife a kunyanja, ndipo mayi anga ankangophika n'kundiikira mbale. Bola akanandikalipira.

Lamulungu chisakasa chinadzazanso. Ndinakhala kumbuyo. Sewero linayamba, wamimba uja ali m'tauni, boti wagulitsa, tsopano akuweta nkhuku ndipo zikumufera. Ndinadikira. Anthu ankaseka za nkhukuzo, ena akunditembenukira. Ndinadikirabe mpaka mayina a osewera anayamba kukwera. Nyanja sinaoneke ngakhale kamodzi.

"Wapulumuka mkulu!" anakuwa mnyamata wina.

"Mbava yodziwa ntchito sigwidwa, amwene."

"Mwinatu anagawana nawo a TV kampango uja!"

Ndinabwereka foni n'kuimbira mayi olamula zojambula aja. Anayankha mosangalala ngati ndine m'bale wawo. Anati chogwada chija anachidula, nthawi inachepa, komanso sichinkaseketsa. "Koma anthu akukukonda, ukudziwa? Kachidutswa kako aliyense akutumizirana." Ndinawapempha kuti anditumizire chodulidwacho, ngakhale pafoni pokha, ndikaonetse anthu anayi basi. Anati afufuza. Ndinaimbanso kasanu ndi kawiri. Sanayankhe.

Mwini boti ndinamupeza akusoka ukonde pansi pa mtengo. Sanadikire kuti ndiyambe.

"Ndikudziwa sunandiberepo. Koma ukonde wanga umagona pakati pa maukonde a anzanga. Tsiku limene mmodzi adzaonjole zochepa, sadzapita kukaswa TV. Adzabwera paboti langa."

"Ndiye ine ndidye chiyani, bambo?"

"Yesa kumene sakukudziwa."

Malo anga anali atapatsa kale mwana wa mlongo wake.

Ndinakwera njinga ya mnzanga mpaka ku Monkey Bay, kumene kuli maboti ambiri ndipo sindinagwireko ntchito. Ndinasankha boti lalikulu, ndinavula chipewa, ndinapereka moni kwa mwiniwake. Ndisanamalize kunena chimene ndabwerera, mlovi wina anali atatulutsa kale foni akundiyang'ana nkhope. Mwini botiyo anaonera kachidutswako mpaka kumapeto, akuseka mpaka kutsokomola. Anandikumbatira paphewa n'kuuza mloviyo kuti atijambule, akaonetse akazi ake kunyumba. Ndinaima, ndinajambulitsa. Atatha anandigwira chanza n'kunena kuti malo alibe.