Nyimbo Yanga ya Pamtondo Inamangitsa Mkamwini

Ndinali kupeta mapira pamene anzanga a Nachisale anafuula kuseri kwa mpanda kuti mkamwini wanga amumasula unyolo. Lichero pansi, nthungululu m'mwamba, gogo ine kuvina ngati namwali! Koma inu owerenga, wom'mangitsa ndine ndemwe, ndipo ndinam'manga ndi nyimbo.

Masiku amenewo boma linaunjika zitini za palafini m'nyumba yamalata ku Limbe, pafupi ndi njanji, m'masitolo muli mbee. Mlonda wa pakhomopo anali mkamwini wangayo, a Bwanali.

Kuchitsime tinkakangana mpaka mitsuko kugundana. A Nachisale ankati boma lachita bwino: madzi akadula njanji, nyale za kuchipatala ziyaka ndi chiyani? Ngakhale maiko oyandikana nafe adzatapa momwemo. Ine ndinkati ptu! Nkhokwe yanji yoti ana a pakhomo azingonunkhiza, alendo ndiwo azidya? Tinatha mwezi osapalana moto.

Mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, ndiye mkanganowo ndinapita nawo pamtondo. A Bwanali akamadutsa, musi pansi, ine: "Mlonda wa mafuta, kwawo kuli bii! Galu wa Mzungu, alonda fupa losadya!" Amayi a m'Ndirande n'kumavomera. Mwana wanga Esinati anandigwadira, ali ndi pakati: "Amayi, mukuwapha amuna anga." Ine ndinawonjeza ndime ina.

Tsiku lina masana ndinapeza botolo la palafini pakhonde panga. Limodzi lokha, limene a Bwanali anaba kuntchito, loti nditseke pakamwa. Fungo la malaya awo linawaulula kwa kapitawo. Asilikali anawayendetsa mumsewu, chingwe m'chiuno, kukaphwanya miyala kundende.

Mvula inakokololadi njanji. Esinati anachira kuchipatala, nyale ikuyaka ndi palafini wa m'nkhokwe yomwe ija. A Nachisale sanandibisire za nyaleyo, anandiuza akulavula. Boma ndikadali nalo mkwiyo, pakuti ife silinatigawire ngakhale botolo limodzi mpaka lero. Koma inu owerenga, mlandu wanu ndi boma musamutwike munthu amene mwambo unam'manga lilime kuti asakuyankheni.

A Bwanali atatuluka analunjika kwawo ku Mpingwe, Esinati ndi khanda pambuyo. Pakhomo panga sanaponde. Mbuzi ndinaphabe, mowa wotsekemera ndinafulula, mphasa yawo ndinayala, inangokhala mbalanganda mpaka dzuwa kupendeka. Amene anabwera kudzavina ndi awa: a Nachisale, a Nasibeko ndi ng'oma yawo, Che Asiyatu a ku Limbe, a Malita a kumpingo, a Nangondo, ndi mlongo wanga Yohane.