Chifalansa cha Anifa

Anifa, wogulitsa zitumbuwa pa Namitete, sanapondepo m'kalasi, koma ankadziwa Chifalansa pang'ono. Anamuphunzitsa ndi mwamuna wake Zuberi, telala amene anapita kunkhondo ku Madagascar mu 1942 n'kubwerako akutsimphina.

Zuberi sankakamba za nkhondoyo. Ankangokonda mawu amene anatola kwa mayi wina wokalamba yemwe ankamutsuka bala kumeneko. Akamasoka pakhonde ankatchula liwu limodzi, Anifa n'kubwereza uku akusenda nthochi. Lilime likamukana, onse ankaseka.

Pamudzipo mwamuna sakanauza mkazi wake mawu achikondi anthu akumva, makamaka apongozi ali pafupi. Koma m'Chifalansa zinkatheka. Tsiku lina Zuberi anaimitsa makina, n'kumuyang'ana, n'kunena kuti, "Mon cœur," kutanthauza mtima wanga.

"Kodi akuti chiyani bambowa?" anafunsa mayi ake a Anifa ali kuseri kwa mpanda.

"Akufuna madzi akumwa, amayi," anayankha Anifa atazolika.

"Nanga ukudikira chiyani?"

Kuyambira pamenepo, mkamwini wawo akangotero, mayiwo ankafulumizitsa Anifa ndi chikho, ndipo Zuberi ankamwa madzi onse mwaulemu ngakhale analibe ludzu.