Chilonda cha Lata ndi Mango a aNaphiri

Kanali kabala kosati n'kudandaula nako. Munali mu Januwale, masana, pa pulazi ya fodya kufupi ndi Karoi, pamene chimphepo chinabwera monga chichitira chaka ndi chaka: mitambo yakuda kuchokera kuchigwa cha Zambezi, kenako matalala, kenako madenga m'mwamba. Ine ndinali panja pa balani, nyumba yaitali ija yowambiramo fodya, ndikulowetsa ndodo za masamba kuti zisanyowe. Lata linasasuka pa shedi, linagubuduzika pansi, n'kundicheka mwendo wamanzere m'munsi mwa bondo. Magazi sanatuluke ambiri. Ndinapukuta ndi chikhatho, ndinatsitsa buluku, ndinapitiriza ntchito.

Dzina langa ndine Yonasi. Kwathu ndi ku Dedza, ngati munthu amene anachokako mano ali onse m'kamwa angapitirizebe kunena kuti kwathu. Ndinabwera wapansi, ndili mnyamata, ndi maganizo oti ndigwire fodya kawiri kokha, ndigule njinga ndi mabulangete, ndibwerere. Koma pa pulazi zaka sizimveka kuyenda kwake. Mufesa nazale, muwokera, chimphepo chiwononga zimene chikufuna, muthyola zotsala, muwamba, musankha, malole anyamula, inu n'kumati chaka chamawa ndiye ulendo. Sitiwerenga zaka ndi manambala kuno. Timati chaka chimene matalala anapha nkhuku, chaka chimene denga la sitolo linakagwera kudibi la ng'ombe. Chitaganya chija amakanganira a m'tauni chinatipeza tikuthyola fodya, ndipo mpaka lero tikuthyolabe.

Ife machona, amene tinachoka kwathu osabwererako, tili ndi mwambo wathu umene suphunzitsidwa koma aliyense amaudziwa: mtengo wa zipatso subzalidwa pakomboni. Dzungu bzala, chimanga bzala, izo zimatha ndi chaka. Koma mtengo ndiye kuti wavomera kuti sudzapitanso. Mkazi wanga, aNaphiri, anaphwanya mwambowu chaka chimene tinalandira nyumba yathu ya zidina, ndiye kuti njerwa, kumtunda kwa komboni. Anakwirira njere ya mango pafupi ndi khomo. Ndinawakalipira kuti akutichititsa manyazi, chaka chamawa tili ku Dedza. Iwo anangopitiriza kuthirira njere yawo. Pamene lata linkandicheka, mtengowo n'kuti uli wakuti manja a munthu sangauzungulire, ndipo mwana wathu wamkazi amene ankaulumpha uli kamphukira anali atakwatiwa kale ku migodi ya Mutorashanga, ali ndi ana ake.

Mudzafunsa chifukwa chake sindinapite kuchipatala. Nyumba ya pakomboni ndi ya ntchito, si ya munthu. Nyengo yothyola fodya manja amasowa, ndipo nkhalamba ikachoka nthawi imeneyo, foromani amauza bwana kuti madala aja atha, tilembe wina. Tinaziona kwa Che Amadu, Msilamu wa ku Liwonde, amene anapita ndi chifuwa n'kubwera atachira, koma n'kupeza katundu wawo ali pansi pa mtengo. Anafera m'msasa m'mbali mwa msewu, tinakawatola ndife. Chaona mnzako chapita. Ineyo ndinali nditatsitsidwa kale pantchito yokwera m'balani, ndikungopatsira ndodo anyamata, ndipo ndinkadziwa kuti foromani akundiyang'ana mayendedwe.

Tsono ndinachita zimene anthu a fodya timachita. Ndinathyola tsamba laliwisi, ndinaliwamba pang'ono pamoto, ndinaliphimba pabala n'kumanga ndi nsanza. Timakhulupirira kuti fodya amapha chilichonse, poti ndi iye amene timathira pa zilonda za ng'ombe zikachita mphutsi. Kunyerenyetsa kwake ndinkati ndiwo mankhwala akugwira ntchito. ANaphiri anandiuza kuti fodya yemweyo wandidya unyamata, sangandichize mwendo. Ndinawayankha kuti asanene kwa munthu ngati akufuna denga.

Sabata yoyamba bala linafiira m'mbali n'kuyamba kutentha. Yachiwiri linatuluka mafinya, mwendo unatupa mpaka nsapato ya tayala inakana kulowa. Mwanabele anatuluka m'mphechepeche. Polowa mu Febuluwale chinali chilonda chenicheni, chakuya, chotuwa pakati, ndipo ntchentche zinkanditsata ngakhale ndinkavala buluku lalitali. Thupi linkatentha madzulo, m'mawa n'kumanjenjemera. Ndinkaima kumbali imene mphepo ikupita kuti anzanga asamve fungo. Anali akulimva, koma pakomboni munthu saulula mnzake, poti aliyense ali ndi chake chimene akubisa. Tsiku lina m'mawa ndikukweza ndodo, maso anachita mdima, ndinagwa pakhomo pa balani anthu onse akuona. Foromani anakweza buluku lija ndi nsonga ya ndodo, anatembenuza nkhope, n'kutuma kuti aitane lole ya nkhuni.

Lole inanditula ku Karoi, ndipo kuchokera kumeneko ananditumiza kuchipatala chachikulu cha boma. Ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, pakati pa amayi a ana ndi anthu othyoka m'migodi. Namwino wina wachishona atafika anaitana kuti, "Sekuru, bwerani." Sekuru ndiye kuti agogo. Ndinacheuka kumbuyo kuti ndione nkhalamba imene akuitanayo. Kumbuyoko kunali khoma. Zinandiwawa kuposa mwendo, chifukwa mumtima mwanga ndinali ndidakali mnyamata uja wobwera kudzagula njinga.

Anadula nsanza ndi lumo, masamba a fodya anatuluka atamatirira ku mnofu. Namwinoyo sanandikalipire. Anangoti, "Mwachedwa, sekuru. Mukanabwera tsiku lomwelo, tikanasoka, mukanagona kwanu." Dokotala anabwera m'mawa mwake, analankhula ndi womasulira osandiyang'ana ine, ndipo womasulirayo anati mwendowo ayesa kuusunga, koma ukakana adula pa bondo.

Za m'chipatala n'zofanana tsiku ndi tsiku. Belu m'mamawa, kagalasi koyezera kutentha m'kamwa, phala m'mbale yachitsulo, jekeseni m'thako. Kenako ngolo ya mabandeji inkabwera ikulira mawilo kwa ife a zilonda. Ankatsuka ndi madzi oluma, n'kumapala zowola mpaka magazi abwino atuluke. Ndinkaluma bulangete. Mwendo unkakhala pamwamba pa pilo, osaloledwa kuponda pansi. Masana sadza, nsima yakuno, ndi nyemba, madzulo jekeseni wina. Chodabwitsa n'chakuti moyo wanga wonse unathamanga osandiuza, koma m'chipinda chimenechija tsiku limodzi linkakana kutha. Ndinkayang'ana mvula pa windo n'kumaganiza kuti tsopano akuthyola masamba apakati, tsopano afika kunsonga, ndipo pamalo panga paima munthu.

ANaphiri anabwera koyamba ndi mango m'kansalu, omalizira a chaka chimenecho. Ndinawafunsa za nyumba, anati ili bwino. Mu Malichi kutentha thupi kunaleka, chilonda chinayera n'kuyamba kufiira bwino, ndipo dokotala anati mwendo wapulumuka. Anasenda khungu pa ntchafu n'kukaliika pachilondapo, ndiye kunali kudikiranso kuti ligwire. ANaphiri anabweranso kumapeto kwa mwezi umenewo. Manja awo anali ndi mabala a udzu ndi luzi. Ndinafunsa za nyumba, anayankha za nkhuku. Sindinafunsenso, ndipo iwo anadziwa kuti ndamva.

Ananditulutsa mu Meyi, fodya ali kusankhidwa. Ndinatsika basi pamphambano ndi ndodo m'manja, ndinayenda pang'onopang'ono mpaka kumtunda kwa komboni, poti miyendo imadziwa njira yake yokha. Pakhomo panga panali mayi wachitsikana akutsuka mbale pansi pa mango. Mwamuna wake, mnyamata wa ku Zomba, anatuluka, anagwada bwinobwino, n'kundifunsa kuti agogo mukufuna ndani. Analibe mlandu, anapatsidwa nyumba monga ndinapatsidwira ine. Anandilozera kumunsi, kufupi ndi dibi la ng'ombe, kumene aNaphiri anali atamanga okha kanyumba ka udzu.

Foromani anati bwana wandichitira chifundo. Ndizisesa m'shedi yosankhira fodya ndi kutola nyenyeswa za masamba. Mpaka liti, sananene. Chifundo chimenecho ndinathokoza ndi manja awiri chipewa chili m'khwapa, ndipo mpaka lero ndikakumbukira kuthokozako mtima umandiwira. Ndinathyolera pulazi imeneyi fodya wosawerengeka, ndinakwirira anzanga kumanda a kuseri kwa mabalani, ndipo miyezi yochepa ya matenda inakwanira kundifafaniza. Amati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Koma ku Dedza amene ankandidziwa anagona kale, ndipo ndikakafika ndi ndodo yokha m'manja, popanda ndi njinga yomwe, adzandifunsa funso lomwe lija la mnyamata wa ku Zomba.

Lero mwendo ndili nawo. Khungu la pachilonda ndi lopyapyala, lonyezimira, ndipo limayabwa mitambo ikayamba kusonkhana, moti chimphepo ndimachidziwa chisanafike. Ndimayenda wotsimphina, koma ndimayenda. Ndimadzola mafuta amene anandipatsa, ndipo ndikangoona kufiira ndimapempha lole osadikira.

Kwa inu anzanga a m'makomboni, makamaka amene imvi zayamba koma mukuzinamizira phulusa la m'balani, ndikuti bala la chitsulo musalimange ndi fodya. Pitani tsiku lomwelo. Sindikunena kuti bwana adzakusungirani nyumba, ameneyo sindingamulonjezere kanthu. Koma ine ndinabisa chilonda kuti ndisunge denga, ndipo kubisako n'kumene kunatalikitsa matenda mpaka denga linapita. Kusoka kwa tsiku limodzi sikukanachotsa munthu pantchito.

Mvula itabweranso, mkazi wa mnyamata uja anatsikira kwathu ndi mango m'beseni. Anagwada n'kunena kuti amayi, talawani a mumtengo wathu, chaka chino abereka kwambiri. Anawonjeza kuti iwo sakhalitsa, akangogwira fodya kawiri abwerera ku Zomba. ANaphiri analandira ndi manja awiri, anathokoza. Mtsikanayo atapita, anadya limodzi mpaka njere inayera, n'kuigwira m'manja akundiyang'ana.

"Abambo, nanga iyi titaye?"

Kanyumba ka kudibi nakonso si kathu, ndipo mango amenewo adzadya ndi wina amene sitidzamudziwa. Ndinatenga khasu, ndinatsamira mwendo wabwinowu, dzenje ndinakumba ndine.